MUSANAKHOME DISHI, YAMBANI MWAFUNSA KHOMA

Ndabweranso ine mwana wa msodzi wa ku Mposa uja. Pepani, ya leronso ndi yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono musaope, ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo.

Lero za ndale ayi, za mtengo wa matemba ayi. Ndikufuna tikambirane za tizitsulo tinayi timene timagwira dishi kapena eriyo ya TV kukhoma. Ena mwayamba kale kuseka kuti mkuluyu nkhani zamuthera. Dikirani kaye, mumve zimene tizitsulo timeneti tinandichita.

Mu December 2021 ndinapezako kangachepe kuno ku Balaka kumene ndimagwira ntchito. Ndinati amayi anga avutika nafe mokwanira, nawonso aziona dziko ali pakhomo pawo. Ndinagula sola, batire, ka TV, dikoda ndi dishi, ulendo ku Mposa. Ndinatenga mnyamata wina wokhoma madishi. Atafika anagogoda khoma ndi chibakera, anakanda ndi msomali, n'kunena kuti, "Achimwene, nyumbayi ndi ya zidina, kunjaku angoipaka simenti. Bola tizike paipi pansi, muwonjezere ya paipi ndi simenti."

Ine mumtima ndinati ameneyu waona ndachokera m'tauni, akufuna andidye. Ndinamuyankha kuti, "Aise, ingokhoma, ndalama zatha." Mnyamata uja sanalimbane nane. Anatulutsa misomali ya 6 inchi, anakhoma inayi, mitu yake n'kuipinda. Chithunzi chinabwera choyera bwinobwino. Ndinadziona wochenjera.

January 2022 mukuikumbukira. Flames ili ku Cameroon. Pa 14 tinagonjetsa Zimbabwe 2-1, pa 18 tinalepherana ndi Senegal 0-0. Amayi ankandiimbira foni kuti khonde ladzaza, ana mpaka pamtengo wa mango. Ndiye usiku wa pa 24 namondwe Ana anafika. Pakati pausiku amayi anatuluka kukaona mbuzi m'khola. Atangolowanso m'nyumba n'kutseka chitseko, anamva chiphokoso kumbuyo kwawo. Dishi inagwa pamalo enieni pamene anadutsa, ndipo siinagwe yokha. Inabwera ndi zidina zinayi ndi chigamba cha pulasitala chachikulu ngati lichero.

Mawa lake, pa 25, tinkasewera ndi Morocco. Madzi anali atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, madera ambiri ali mumdima. Nyumba ya amayi, ya sola, ikanakhala ya mfumu tsiku limenelo. Koma chigoli cha Gabadinho Mhango chija, chakutali chija, mudzi wonse unachimvera pa wailesi, dishi ili gada m'matope. Mvula inapitiriza kulowa pa chibowo chija, zidina zinamwa madzi, ndipo pofika April ngodya yonse tinachita kugumula n'kumanganso. Ndalama imene ndinakaniza mnyamata uja ndinailipira kangapo konse.

Amayi anangonena mawu amodzi pa foni: "Mwanawe, TV yako ija yandigumulira nyumba." Mpaka lero ndikaganiza kuti akanachedwa pang'ono kukhola kuja, thupi limachita tsembwe.

Mfundo yanga ndi imodzi basi: *chimene chimasankha bawuti ndi khoma.* Thumba lanu lilibe mawu pamenepa, ngakhale zimene wokhoma wapezeka nazo m'chikwama tsiku limenelo.

Bambo anga, malemu, anali msodzi wa pa Chilwa moyo wawo wonse. Pa Chilwa madzi ndi osaya, pansi ndi thope. Ukafuna kuimika bwato umazika nsungwi mozama m'thopemo n'kumangirira. Atapita kukagwira ganyu kunyanja yaikulu ku Mangochi anapeza kuti nsungwi sifika pansi, kumeneko amaponya nangula wa mwala ndi chingwe chachitali. Ankati bwato ndi lomwelo, mphepo ndi yomweyo, koma pansi pa madzi ndi pamene pamakuuza chomangira. Ine mwana wawo ndinamva zimenezi ndili wamng'ono, koma tsiku la dishi ndinaiwala.

*CHIFUKWA CHAKE DISHI IMAGWA*

Anthu timainyamula dishi ndi dzanja limodzi n'kumati, aa, kopepuka aka ngakhale msomali ugwira. Kulemera kwake si vuto. Vuto ndi mphepo. Dishi ili ngati thanga la pa boti. Ya masentimita 90, mphepo ya makilomita 100 pa ola ikaiwomba maso ndi maso, imaikankha ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 40. Ndipo mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake dishi imakhala zaka ziwiri bwinobwino, n'kudzagwa usiku umodzi.

Chachiwiri, dishi sikhala yogunda khoma. Imakhala pa mkono wachitsulo wotalikira kunja. Aliyense amene anazulapo msomali ndi hamala akudziwa kuti chogwirira chikatalika, msomali umazuka mosavuta. Mkono wa bulaketi umachita zomwezo. Mabawuti a m'mwamba amakokedwa kuti atuluke, a m'munsi amakanikizidwa kukhoma. Dishi ikamagwa, amayamba kugonja ndi a m'mwambawo.

Chachitatu, sikuti mpaka namondwe. Mwera wa June ndi July umaigwedeza tsiku ndi tsiku. Akamvuluvulu a October. Chimphepo cha mvula yoyamba chimene chimasasula madenga a sukulu ndi nyumba ku Phalula, ku Utale, ku Ntaja chaka ndi chaka. Kugwedeza kulikonse kumakuza bowo pang'ono. Satelayiti imene dishi ikuyang'ana ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Dishi ikangosuntha ngati kunenepa kwa chala, chithunzi chimayamba kuduka. Ambiri amene mumatukwana kampani ya TV kuti siginolo ikuvuta, pitani mukagwedeze dishi yanu ndi dzanja. Ikagwedera, wolakwa ali pakhoma pomwepo.

Eriyo ya Kiliye Kiliye kapena GOtv ndi yopepuka zedi, koma kwathu kuseri kwa mapiri a Chikala timaikweza pa paipi yaitali kuti igwire. Paipi ikatalika, mphamvu yozula mabawuti imakulanso. Nkhani ndi yomweyo.

*MAKOMA ANAYI A KWATHU KUNO*

*1. Khoma la zidina.* Ngakhale lipakidwe simenti ndi penti mpaka kuwala, mkati ndi dothi louma. Msomali sugwira, sikuluwu sigwira, rawl bolt imangofumbutsa dothi. Likanyowa ndiye basi. Pakhoma lotere musakhomepo chilichonse chogwira mphepo. Gulani paipi yachitsulo ya 2 inchi, yokhuthala. Pitani nayo kwa owotcherera akaike kachitsulo kopingasa kumunsi kwake, kuti mphepo isamaizungulitse m'konkire. Kumbani dzenje lofika masentimita 60 kapena kupitirira, imikani paipi mowongoka, thirani konkire, muzithirira madzi, ndipo mudikire masiku angapo musanapachike dishi. Dishi sifuna kukwera pamwamba, imangofuna pamalo poonekera kumwamba popanda mtengo kapena denga lotchinga. Imeneyi ndiye nsungwi ya bambo anga ija: pansi pofewa, zika mozama.

*2. Njerwa zowotcha zomangira matope.* Nyumba zambiri ku Ulongwe, Nsanama, Nselema mpaka ku Nayuchi ndi zotere. Njerwa ndi yolimbako, koma chimene chaigwira ndi matope. Mukamanga bawuti mu njerwa imodzi, mphepo ikhoza kusolola njerwayo yathunthu ngati dzino logwedera. Apa njira yabwino ndi bawuti yodutsa khoma lonse. Ku hadiweya amagulitsa chitsulo chachitali cha mazinga kuyambira uku mpaka uku, amati threaded rod. Tengani cha mamilimita 10, mudule molingana ndi khoma lanu, bowolani mpaka mkati mwa nyumba. Mkatimo ikani chitsulo chaphanthi kapena thabwa la mtengo wolimba lopingasa njerwa zingapo, kenako wasa ndi nati. Apo mphepo ikafuna kuzula dishi iyenera kukoka khoma lonse. Koma khomalo likhale la 9 inchi. Likakhala la njerwa imodzi, la 4.5 inchi, bwererani ku nambala 1, zikani paipi.

*3. Njerwa zowotcha zomangira simenti.* Apa ndi pamene mapulagi a pulasitiki ndi masikuluwu akuluakulu a mutu wa sipanala aja amagwira bwino. Pulagi ya mamilimita 10, bowo la mamilimita 10, sikuluwu ya mamilimita 8. Koma yesani kaye njerwa. Tonse tikudziwa kuti mu uvuni umodzi mumatuluka njerwa zamitundu iwiri: zamkati zimene zinapsa, ukazigundanitsa zimalira ngati chitsulo, ndi za m'mphepete zimene moto unangozinyambita. Pobowola, biti ikamalowa ngati mukubowola chinangwa chophika, njerwayo ndi yosapsa. Sinthani malo kapena dutsitsani bawuti khoma lonse. Ndipo rawl bolt pa njerwa samalani nayo. Imagwira pofutukuka mkati mwa bowo ndi mphamvu yaikulu, ndiye njerwa yofewa imangosweka. Malo ake enieni a rawl bolt ndi konkire: pa lintala, pa ring beam, pa chipilala. Nyumba yanu ikakhala ndi ring beam, ikani bulaketi pamenepo mugone tulo.

*4. Mabuloko a simenti.* Kuyambira 2018 pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, mabuloko achuluka ku Liwonde ndi pa Balaka. Anthu amaona ngati buloko ndi konkire. Iyayi, mkati mwake muli mphako. Mnofu wake ndi masentimita awiri kapena atatu basi, kenako mphepo. Rawl bolt ikalowa imakafutukukira m'mphakomo osagwira kanthu, kapena imaswa mnofuwo. Apa dutsitsani bawuti khoma lonse ndi chitsulo chaphanthi mkati, osamanga mopitirira mpaka kuphwanya buloko. Amene mukumanga kumene, uzani abilidala adzaze konkire m'mabuloko awiri atatu pamene mudzaike dishi. Ndi fosholo zochepa chabe.

*TINTHU TING'ONOTING'ONO TIMENE TIMAGWETSA NTCHITO*

Bowolani pakati pa njerwa, osati pa mzere wa matope kapena simenti. Okhoma ena amathamangira pa mzere chifukwa ndi pofewa, ntchito imatha msanga. Pofewa polowa ndi pofewanso potuluka.

Pulasitala sawerengedwa. Akakhala wa masentimita awiri, sikuluwu yanu ya masentimita 5 yangolowa atatu mu njerwa, ndiye muchotsenso kukhuthala kwa bulaketi. Gulani yaitali, yolowa masentimita 6 kapena 7 mu njerwa yeniyeniyo.

Uzirani fumbi lituluke m'bowo musanaike pulagi. Fumbi limatereretsa.

Musakhome pa mizere ya pamwamba penipeni pa khoma, kapena m'mphepete mwa ngodya ndi windo. Njerwa imalimba chifukwa cha kulemera kwa zinzake zimene zaikhalira. Ya pamwamba ilibe woikhalira. Tsikani mizere inayi kapena isanu.

Pa fascia board ayi. Thabwa limenelo ndi lopyapyala, dzuwa ndi mvula zimalidya, chiswe chimamaliza.

Kuthira timitengo m'bowo m'malo mwa pulagi, ndikudziwa tonse tinachitapo. Mtengo umafufuma nthawi ya mvula, kukatentha October umanyala, bowo n'kutsala lotakasuka.

Bulaketi ikakhala ndi mabowo anayi, mabawuti akhale anayi, onse ndi mawasa. Osati awiri, kwinako waya.

Dzimbiri. Ife a kunyanja tikudziwa chimene chimachitikira msomali wamba pa boti la matabwa. Funsani mabawuti a galvanised. Mukawasowa, pakani penti kapena girisi. Matani mozungulira bowo kuti madzi asalowe, ndipo chingwe chitsike kaye pang'ono chisanakwere kulowa m'nyumba, kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo molondola chingwe mpaka m'khoma.

Paipi yaitali ya eriyo igwidwe ndi mabulaketi awiri otalikirana, ndipo ikapitirira denga kwambiri, imangidwe ndi mawaya atatu mbali zitatu. Musanaidzutse yang'anani kumwamba: ikagwa, ikhudza mawaya a magetsi? Ngati inde, sinthani malo, moyo ulibe sipeya. Kukayamba ziphaliwali, zulani chingwe cha eriyo ku dikoda.

Pomaliza, wokhoma asanaike dishi, akoke bulaketi ndi manja awiri mwamphamvu inu mukuona. Ikasuntha ngakhale pang'ono, ntchito sinathe.

*NDIKUDZIWA ZIMENE MUNENE*

Wina ati, "Ine yanga ndinakhoma ndi misomali, chaka chachisanu chino." Zoona, ziliko zotero. Mwina nyumba yanu ili pobisika mphepo, mwina munapeza njerwa yabwino mwamwayi. Bambo anga anawolokapo Chilwa ndi bwato lobowoka atatseka ndi nsanza, anafika. Sanabwerezenso, ndipo sanatiphunzitse kuti ndiyo njira yake. Taonani zaka zimene tikukhalamo: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu March 2023. Amene ali ndi zaka 40 anene ngati anakula akuona anamondwe motsatizana chonchi. Kukhoma kwa dzana kunali kwa mphepo ya dzana.

Wina ati, "Zinthu zadula, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, iwe ukuti tigule mabawuti?" Ndikumva, inenso ndimagula sopo pa golosale yomweyo. Koma werengani bwino. Pa zonse zimene mwagula, TV, dikoda, dishi, batire, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, chotchipa kwambiri ndi mabawuti. Ndipo ndi okhawo amene akanyenga amawononga zina zonse, kuphatikiza khoma, kuphatikiza mutu wa mwana amene akusewera m'munsimo. Ngati ndalama sikukwana, dikirani mwezi umodzi. TV ikhale m'katoni, siwola.

Wina ati, "Kwathu kulibe magetsi, drill tiyendetsa ndi chiyani?" Okhoma ambiri masiku ano ali ndi za batire. Funsani musanapangane. Amene alibe, ndipo akufuna kuswa khoma lanu ndi chizulo ndi hamala, bowo limatuluka lalikulu kuposa pulagi. Bola paipi pansi, imangofuna khasu.

Wina ati, "Ndili pa lendi, alandilodi sangalole kubowola mpaka m'chipinda." Akunena zoona alandilodiwo, nyumba ndi yawo. Kambiranani, apempheni pakona pa bwalo muzike paipi. Tsiku losamuka mumangomasula dishi, khoma la eni lili bwinobwino, dipoziti yanu osadulidwa.

Tsopano kwa inu achimwene okhoma madishi a pa Liwonde, pa Mangochi Turn-off, pa Balaka. Ine sindikunyozani, chifukwa pa nkhani yanga wolakwa ndinali ine. Mnyamata uja ananena zoona ndipo ndinamutsutsa. Ife makasitomala timakunenererani mpaka mtengo wotsala sungagule ngakhale pulagi. Komabe ndikupemphani chinthu chimodzi: phunzirani kukana. Mukaona khoma la zidina, mwini wake akuumirira misomali, nyamulani makwerero anu muzipita. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Dishi ikadzagwa, m'mudzimo sadzanena kuti mwini nyumba anakaniza ndalama, adzati anakhoma ndi uje. Ndipo potchula mtengo, tchulani padera: iyi ya ntchito, iyi ya mabawuti, mabawuti ake ndi awa. Munthu akaona ndi maso sakayika.

Kwa inu amene muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene mumatumiza ndalama kuti kumudzi akaike dishi: musamangofunsa kuti chithunzi chikuoneka? Uzani akujambulireni kuseri kwa dishi, pamene bulaketi yagunda khoma. Mukaona mitu ya misomali yopinda, tumizani ina akakonze mvula isanayambe. Amene amagona kuseri kwa khoma limenelo ndi mayi anu ndi ana anu.

Timakonda zooneka, abale. Dishi yoyera pakhoma imauza odutsa kuti nyumba iyi muli mwana amene akugwira ntchito. Ine ndinkafuna zimenezo, ndisaname. Mabawuti saoneka, palibe amene amakuyamikira. Koma usiku wa chimphepo, anthu onse oyamikira aja ali m'nyumba zawo, amatsala ndi amayi ako ndi tizitsulo tinayi tija.

Dishi ya amayi pano ili pa paipi, pakati pa nkhokwe ndi mtengo wa mango, kutalika kwake kufika pachifuwa changa. Anaizika ndi mnyamata yemwe uja. Ndinachita kukamupepesa, anangoseka n'kuti, "Achimwene, ndinanena." Freddy anabwera, anagwetsa bafa ndi mpanda, dishi sinasunthe. Vuto latsala ndi mbuzi, zimakonda kudzikanda pa paipiyo, ndiye tinazunguliza minga.

Mawa m'mawa musanapite kuntchito kapena kudimba, zungulirani kuseri kwa nyumba. Yang'anani chimene chagwira dishi yanu. Igwedezeni. Kandani khoma ndi msomali muone ngati ndi njerwa, chidina kapena buloko. Mphindi ziwiri zokha. Mukapeza zokayikitsa, konzani kukadali kouma.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani kwa achibale, makamaka amene akumanga ndi amene angogula TV. Amisiri amene muli pa gulu pano, pamene ndaphonya ndikonzeni, sindikwiya.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, wa ku Mposa, wokhala pa Balaka.